Azakhali anga atula katundu ku Shikabeta, sukulu n'kunyamuka

Nkhani yokoma siichedwa pakamwa, ndiye ndiyambira kumapeto kwake. Azakhali anga, amene anatsogolera sukulu ya m'mudzi mwawo ku Shikabeta mpaka thupi kutsala mafupa okhaokha, lero masaya abwerera. Akugona tulo tofa nato. Kukwaya kumene anasiya kalekale ati nthawi palibe, abwererako, ndipo mawu awo akumveka mpaka kunja kwa tchalitchi. Chondisangalatsa koposa n'chakuti sukulu ija, imene ankaopa kuti akangopumako pang'ono igwa, ikuyenda bwino kuposa nthawi ina iliyonse. Sanaithawe, sanakangane ndi munthu, ndiponso sanachotsedwe. Anakaphunzira utsogoleri imvi zili mbuu, anabwera n'kuphunzitsa anzawo, kenako anapereka makiyi akuseka.

Kwa amene simunafikeko, Shikabeta ndi dera la mfumu yaikazi ya Asoli m'boma la Rufunsa, m'chigawo cha Lusaka ku Zambia. Mukachoka mu Lusaka pa msewu wa Great East mumadutsa Chongwe, kenako msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri mpaka ku Rufunsa, mtunda wa makilomita pafupifupi 150. Ofuna ku Shikabeta ulendo wawo umakhala utangoyamba kumene, poti amasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wolunjika kumpoto, kuchigwa cha mtsinje wa Lunsemfwa. Mvula ikagwa, galimoto imafika movutikira. Boma la Rufunsa lili ndi madera a mafumu atatu: Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta. Ana akumeneko kunyumba amayankhula Chisoli, pamene kusukulu akhala akuphunzira kuwerenga m'Chinyanja, chiyankhulo chimene unduna unasankhira zigawo za Lusaka ndi Kum'mawa. Azakhali, mlongo wawo wa bambo anga, anakwatiwa kumeneko ali mtsikana, moti ziyankhulo ziwirizi amazisakaniza osadziwa n'komwe.

Sukulu ngati yawoyi m'Zambia muno zilipo zambiri, ndipo zonse zinabadwa m'nyengo ya mavuto. M'zaka za m'ma 1990 chuma cha dziko chinali pansi, sukulu za boma zinkafuna ndalama zimene makolo ambiri analibe, ndipo matenda a Edzi anasiya ana amasiye pafupifupi khomo lililonse. Makolo anangoti tisadikire, tiyambe tokha. Ku Lusaka bungwe la Zambia Open Community Schools linayamba ntchito mu 1992. Mu 1996 boma linatulutsa ndondomeko ya maphunziro yotchedwa Educating Our Future, imene inatsegula chitseko choti anthu wamba ndi mabungwe azitha kuyendetsa sukulu. Patangotha zaka khumi, sukulu za m'midzi ndi m'makomboni zoterezi zinali zitapitirira 2,000. Mu 2002 boma linathetsa fizi kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 7, koma mwana wa zaka 7 sangayende mtunda wa theka la tsiku, kuoloka mitsinje, kuti akapeze sukulu yaulereyo. Choncho kumadera ngati Shikabeta sukulu za makolo zinapitirira, zikuyendetsedwa ndi komiti imene m'mapepala a unduna amaitcha PCSC.

Pamapepala komitiyo inali ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi mamembala. M'mudzi aliyense ankadziwa kuti komiti ndi azakhali basi.

Ndikakumbukira mmene zinalili, ndimaona chikwama chawo chakuda chothothoka chogwirira. M'menemo munkakhala zonse za sukulu: choko atakulunga m'pepala, kaundula wa ana, makiyi a kachipinda kosungiramo mabuku, kalata zopempha thandizo zimene sizinayankhidwe, ndi ndalama atamanga pamfundo ya kansalu. Aphunzitsi anali anyamata ndi atsikana a m'mudzi momwemo amene anafikako Giredi 9 kapena 12, odzipereka, opanda malipiro a boma. Malipiro awo anali chitini cha chimanga, mtedza, nthawi zina nkhuku. Ndipo wotolera zimenezo khomo ndi khomo, dzuwa lili paliwombo, anali azakhali. Pena ankalandiridwa bwino, pena ankangomva mwana akuti, "Amayi ati kulibe." Mphunzitsi akatopa n'kupita ku Lusaka kukafuna ntchito ya ulonda, azakhali ndiwo ankagwada pakhomo pa mnyamata wina kumupempha kuti agwireko choko ngakhale temu imodzi. Denga laudzu likadontha, iwo ndiwo ankayamba kumweta udzu kuti ena achite manyazi. Chaka cha 2012 chisanafike, Rufunsa inali mbali ya boma la Chongwe, moti kalata iliyonse yofuna sitampu ya ofesi ya maphunziro inkatanthauza kugulitsa nkhuku zawo, kudikira galimoto ya makala, n'kukagona kwa achibale.

Anthu ankawatama, inde. Koma kutamako sikunawapepuzire kanthu, ndipo pang'ono ndi pang'ono munthu wansangala uja anasanduka wina. Anasiya kukhulupirira anzawo. Akatuma munthu, ankamutsatira pambuyo kuti aone ngati wachitadi. Pamsonkhano ankayankhula okha kuyambira pemphero loyamba mpaka lotsekera, ena ali duu, kenako pobalalika kunkamveka manong'onong'o akuti ndalama za njerwa zinapita kuti. Sanadyepo ngakhale ngwee imodzi, ndikulumbira, ndipo zawo zomwe zinkathera momwemo. Koma popeza zonse zinali m'mutu mwawo ndi pamfundo ya kansalu paja, analibe choonetsa. Usiku ankakhala pamphasa maso ali gwa. Ine ndikawauza kuti, "Azakhali, pumulaniko, mudzafera sukulu imeneyi," yankho linali limodzimodzi chaka ndi chaka: "Mwananga, ndikapanda ine, achite ndani?"

Funso limenelo si la ku Shikabeta kokha. Ndalimvapo kwa atsogoleri a mabungwe othandiza maphunziro ku Lusaka, ku Chipata, ngakhale ku Lilongwe, anthu a maofesi ndi makompyuta, amene anayambitsa ntchito yabwino ndi mtima wonse kenako ntchitoyo n'kuwameza. Othandiza ndi ndalama amafunsa za chiwerengero cha ana, cha mabuku, cha zimbudzi. Za munthu amene akusenza zonsezo safunsa. Munthuyo ali ngati ng'ombe imene yamangidwa yokha pagoli la ziwiri: ngolo imayenda ndithu, koma mokhotera kumbali, ndipo tsiku lina ng'ombeyo imangogwada panjira. Ngakhale bungwe lalikulu limene linakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1990 kuti ligwirizanitse sukulu zoterezi m'dziko lonse, la Zambia Community Schools Secretariat, silinakhalitse, moti mu 2007 unduna wa maphunziro unatulutsa malangizo akeake a kayendetsedwe ka sukuluzi. Ntchito yabwino ikatsamira pa anthu ochepa otopa, siikhala kutali ndi kugwa.

Zinthu zinayamba kusuntha kuchokera kumtunda. Lamulo la maphunziro la 2011 linavomereza sukulu za m'midzi ngati mtundu weniweni wa sukulu m'dziko. Mu 2012 Rufunsa inakhala boma palokha, ofesi ya maphunziro ija, ya DEBS, n'kuyandikira. Kenako chinafika chaka cha 2022, chimene kumudzi sadzachiiwala msanga. Mu Januwale maphunziro anakhala aulere kuyambira kumkaka mpaka Giredi 12. Chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi, ndipo ndalama za chitukuko za dera la phungu aliyense, zija timati CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Sukulu ya azakhali nayo inalandira aphunzitsi a boma, olipidwa mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi ahedi awo.

Mwina mukuganiza kuti pamenepo azakhali anavina. Ayi ndithu, anakhumudwa. Munthu amene wakhala zaka zonsezo akutolera chimanga cha aphunzitsi anadzuka tsiku lina n'kupeza kuti chimangacho sichikufunikanso, ndipo kwabwera anthu a masatifiketi amene ali ndi sitampu yawoyawo. Anayamba kudziona ngati wotayidwa. Makiyi anakana kupereka. Nkhani ikanatha moipa, monga yatha moipa m'midzi ina, kumene komiti ya makolo ndi aphunzitsi a boma akhala akukokanakokana mpaka ana n'kumavutikira pakati.

Amene anapulumutsa zinthu ndi ahedi atsopanowo, mayi wachitsikana wa msinkhu wa mwana wawo wachiwiri. Sanalimbane nawo za makiyi. Anapita kunyumba kwawo madzulo, anakhala pamphasa, anathandiza kutongola chimanga, kenako anati: "Amayi, ine ndabwera dzulo, ndipo tsiku lina boma lidzandisamutsa. Sukulu iyi ndi yanu ndi anthu anu. Patchuthi chino kuli maphunziro a atsogoleri a makomiti kusukulu ya zoni. Ndalembetsa dzina lanu. Ndikupemphani, tipitire limodzi."

Azakhali anati, "Aphunzitsi, ine nkhalamba ndikaphunzire chiyani?"

"Mukatiphunzitse ife, amayi. Zina mukatolako."

Anapita monyinyirika, chikwama chakuda chili m'khwapa.

Maphunzirowo sanali a kuhotela. Ankagona pamphasa m'kalasi, kudya nsima ya nyemba, kusamba kumjigo. Ophunzitsa anali a bungwe lina loona za sukulu za m'midzi pamodzi ndi alangizi a unduna. Zimene azakhali amafotokoza kawirikawiri, ndipo amazifotokoza akuwomba m'manja, ndi za tsiku loyamba. Wophunzitsa anapatsa tcheya aliyense choko n'kunena kuti alembe pabolodi ntchito zonse za sukulu zimene amagwira ndi manja ake. Azakhali analemba mpaka bolodi linadzaza, ena akuseka, ena akugwedeza mutu chifukwa akuona moyo wawo womwe. Kenako wophunzitsayo anati, "Tsopano fufutani ntchito iliyonse imene munthu wina m'mudzi mwanu angaithe mutamuonetsa." Anayamba kufufuta mokayika. Kusunga choko, anafufuta. Kuwerenga njerwa, anafufuta. Kuitana msonkhano, kulemba kalata, kusunga ndalama, kuyang'anira ophika phala, zonse zinapita. Pabolodi panatsala mzere umodzi wokha: kukakhala pansi ndi makolo amene akufuna kukwatiwitsa mwana wasukulu. Imeneyo ndiyo inkafuna imvi zawo, ulemu wawo ndi lilime lawo. Ati anaima n'kumayang'ana bolodi lija, manja ali mbuu ndi choko, kenako anaseka mpaka misozi.

Masiku otsatira anaphunzira zinthu zooneka zazing'ono zimene zimagwira bungwe kuti lisagwe. Buku la ndalama la mizere inayi: tsiku, zalowa, zatuluka, zotsala. Lisiti pa chilichonse, ngakhale misomali. Ndalama zisatuluke popanda anthu awiri kusaina. Maminitsi a msonkhano alembedwe ndipo awerengedwe pamsonkhano wotsatira. Wapampando ayankhule pomaliza, ena onse atatha. Malamulo a komiti anene poyera kuti udindo ndi wa zaka zingati ndipo chisankho chimachitika liti. Panalinso funso lina limene palibe anali atawafunsapo chibadwire: munapuma liti? M'kalasi monse munangoti zii. Bambo wina wachikulire, tcheya wa sukulu ya kutsidya, anayankha kuti anapuma pamene anagonekedwa kuchipatala cha Mpanshya. Anthu anaseka, koma usiku umenewo pamphasa anakamba mpaka kunja kuyera, aliyense akutulutsa zimene anazisunga mumtima zaka zambiri: kunamiziridwa kuba, kukangana ndi akunyumba chifukwa cha nkhuku zogulitsidwa, mantha akuti ukafa sukulu ifera pomwepo. Azakhali ankayesa kuti mavutowo ndi awo okha. Pobalalika anapangana kuti azikumana temu iliyonse, sukulu ino lero, inayo ulendo wotsatira, ndipo mpaka pano akukumana.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa ena amaganiza kuti kuphunzitsa atsogoleri a kumudzi ndi nzeru yobwera ndi mabungwe a masiku ano. Pamsewu womwewo wa ku Rufunsa, m'boma la Chongwe, pali Chalimbana. Malo amenewa anatsegulidwa mu 1939 ngati sukulu ya Jeanes, yophunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi, ndipo mafumu nawo ankapitako kukachita maphunziro. Ku Malawi sukulu yotereyi inali ku Domasi. Pambuyo pake Chalimbana inakhala koleji imene aphunzitsi ogwira kale ntchito ankapitako kukawonjezera nzeru, ndipo lero ndi yunivesite. Ahedi ndi aphunzitsi a boma akhala ndi njira imeneyi kwa zaka zambiri, kuphatikizapo misonkhano yawo ya m'mazoni. Amene ankaiwalika ndi anthu ngati azakhali, oyendetsa sukulu popanda malipiro, popanda satifiketi, popanda wowafunsa kuti zikuyenda bwanji. Mwayi utangowafikira, taonani zimene anachita nawo!

Atabwerera kumudzi anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa pasukulu. Ine ndinalipo, ndipo ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi anyamata. Anatulutsa buku latsopano lachikuto cholimba, analipereka kwa bambo wina amene anali msungichuma wa dzina lokha kwa zaka zambiri, n'kunena kuti, "Achimwene, werengani mokweza, aliyense amve." Bamboyo anawerenga mzere ndi mzere: zopereka za makolo, zogulira simenti, zolipira ngolo yotuta mchenga, zotsala. Kenako azakhali anamasula mfundo ya kansalu ija pamaso pa anthu onse, ndalama anaziika pambale, zinawerengedwa, ndipo zinafanana ndendende ndi za m'buku. Kunali nthungululu! Mkulu wina amene ankatsogolera manong'onong'o aja anaimirira, anavula chipewa, n'kunena kuti, "Atcheya, tinkakuganizirani zoipa. Pepani." Azakhali anayankha kuti, "Abambo, munalibe poonera. Tsopano buku ndi ili, muzilifunsa nthawi iliyonse." Atatero anakhala pansi n'kutseka pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anayankhula pamsonkhano wa sukulu yawo. Maganizo amene anatuluka tsiku limenelo, abale, mungadabwe kuti anali kubisala kuti. Wina ankadziwa pamene pali dothi labwino la njerwa. Wina anali ndi mlamu wake mmisiri wa matabwa. Amayi ena anati phala likuchedwa chifukwa nkhuni amatola m'mawa womwewo, bwanji tizisonkha Lamlungu madzulo.

Ntchito inagawidwa. Za njerwa ndi zomanga zinapita kwa abambo anayi. Za phala zinapita kwa amayi, mudzi uno sabata ino, winawo sabata yamawa. Achinyamata anatenga ntchito yolondola ana ojomba. Ulembi unapita kwa mtsikana wina amene ndimamunyadira kwambiri. Anatenga mimba ali kusekondale, ndipo azakhali ndiwo anakakamira makolo ake kuti abwerere kusukulu, potsamira lamulo la 1997 lolola atsikana kubwerera m'kalasi akachira. Anamaliza Giredi 12 mwana ali kumsana kwa agogo ake. Lero ndiye amalemba maminitsi ndi dzanja lokongola, ndipo foni ya komiti imakhala kwa iye. Akafuna netiweki amakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu.

Mtsikana ameneyu pamodzi ndi ahedi ndi amene anatsegula njira ya ku CDF. Ndalama zimenezi sizibwera chifukwa munthu walira mokweza. Pempho limayambira m'mudzi, limapita ku komiti ya chitukuko ya wadi, kenako ku komiti ya CDF ya dera lonse, ndipo limafuna maminitsi oonetsa kuti anthu anagwirizanadi. Kale azakhali sakanakwanitsa, chifukwa zonse zinali m'mutu. Tsopano zinali m'buku. Ndalamazo zapitirira kukwera, mu 2024 zinafika pa K30.6 miliyoni pa dera lililonse, ndipo komiti yodziwa kulemba ndi kulondola pempho lake ili ndi mwayi umene makolo athu sanaulotepo. Pamalo pamene panali chisakasa chaudzu lero pali chipinda cha njerwa zootcha, malata akung'anima moti umawaona uli kutali pamtunda. Tsiku limene madesiki anafika, ana anathamangira galimoto kuchokera kumtsinje, akuimba, ena atakwera kale pamadesiki galimoto isanaime bwino. Kamnyamata kena kanakhala padesiki, kanaisisita ndi manja onse awiri, n'kukana kupita kunyumba kukadya. Azakhali anaimirira chapatali, m'manja mulibe kanthu, akungoseka. Ndinawafunsa kuti, "Azakhali, simukukawerenga madesiki?" Anati, "Alipo owerenga, mwananga. Ine ndabwera kudzaonerera."

Mayeso enieni anabwera mu 2024. Chifukwa cha kolera sukulu m'dziko lonse zinachedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo pa 29 mwezi womwewo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chagwetsa dziko m'tsoka. Chimanga chinapserera m'minda. Chaka chotere kale chikanatseka sukulu, popeza aphunzitsi olipidwa chimanga akanabalalika ndipo azakhali akanadwala ndi maganizo. Ulendo uno aphunzitsi anakhalapo, ndipo komiti inakumana yokha, inagawana ntchito, inatsegula dimba m'mbali mwa mtsinje kuti paphala pasasowe chowonjezera, achinyamata n'kumalondola ana amene njala inkawabweza kunyumba. Ndipo m'nyengo yomweyo azakhali anachita chinthu chimene sanachitepo chiyambire sukulu: anakwera basi kubwera kwathu ku Lusaka kudzaona zidzukulu, osati kudzapempha kanthu kuofesi iliyonse. Masiku oyamba foni inali m'manja nthawi zonse, akudikira uthenga woipa. Sunabwere. Mlembi uja anangoimba kamodzi kuwauza kuti zonse zili bwino, anyezi wamera, apume. Anaika foni pansi, anapempha madzi otentha, ndipo madzulo amenewo anaphunzitsa ana anga nyimbo za Chisoli mpaka oyandikana nafe anabwera kudzasuzumira.

Nthawi ya chisankho itakwana, anthu anafuna kuwabwezera pampando mwa chizolowezi. Anakana. Anati malamulo tinalemba tokha, tiwatsate. Anasankhidwa bambo wina wa zaka zapakati, mmodzi mwa aja a njerwa, ndipo mlembi anapitiriza. Azakhali anatsegula chikwama chakuda chija, anatulutsa makiyi, anawapereka ndi manja awiri atagwada pang'ono, monga amachitira munthu wolemekeza mnzake. Tcheya watsopanoyo nayenso anagwada polandira n'kunena kuti, "Amayi, musatitalikire." Ng'oma zinalira mpaka usiku. Chaka chimenecho pa mwambo wa Nkomba Lyanga, umene anthu a mfumu Shikabeta amachita chaka ndi chaka, azakhali anapita ngati munthu wamba, opanda kalata yopempha thandizo m'chikwama, ndipo amene anawaona akuti anavina mpaka fumbi koboo.

Sanatalikire ayi. Ntchito ija inatsala yokha pabolodi ndiyo akuigwira tsopano ndi mphamvu zonse. Akamva kuti kwinakwake akukonza zokwatiwitsa mwana wasukulu, amavala chitenje chawo chabwino n'kukakhala pakhonde la eni akewo, osakalipa, osaopseza, mpaka nkhani itatheka. Masiku ano ali ndi chowathandiza china, poti kuyambira mu Disembala 2023 lamulo la Zambia limakana ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale ukwati wa mwambo. Komanso atcheya a sukulu zoyandikana amawaitana kuti akawaonetse kalembedwe ka buku lija. Munthu amene ankati nkhalamba ikaphunzire chiyani lero akuyenda ndi choko, akuuza anzake kuti alembe ntchito zawo pabolodi kenako afufute.

Zimene zachitika m'kamudzi kameneka mabungwe ena aakulu anazizindikira kale. CAMFED, bungwe lothandiza maphunziro a atsikana limene linayamba ku Zimbabwe mu 1993 n'kufika ku Zambia mu 2001, linaika mphamvu zake pa kulera atsogoleri kuchokera mwa atsikana omwe linawalipirira sukulu. Angeline Murimirwa, mmodzi mwa atsikana oyambirira kuthandizidwa, mu 2023 anakhala mkulu wa bungwe lonselo. Ndikamuona mlembi wa ku Shikabeta uja atakwera pachulu ndi foni, buku la maminitsi lili m'khwapa, ndimaona njira yomweyo, ndipo mtima wanga umadumpha.

Sikuti zonse zatheka. Maphunziro aulere adzaza makalasi moti chipinda chatsopano chija chachepa kale. Ndipo pali anthu amene ndimawadandaula: aphunzitsi odzipereka aja, amene anagwira choko zaka zambiri polandira chitini cha chimanga. Aphunzitsi a boma atabwera, ambiri a iwo anangobwerera kumunda opanda ngakhale pepala lothokoza. Komiti yatsopano yayamba kukambirana zowathandiza kupempha ndalama za maphunziro a luso zimene zili m'gawo la CDF, ndipo ndikuona kuti imeneyo ndi ngongole imene mudzi uyenera kubweza. Koma taonani kusiyana kwake: nkhani imeneyi ikukambidwa ndi anthu khumi ndi awiri pansi pa mtengo, osati mayi mmodzi ali gwa pamphasa pakati pa usiku.

Inu a mabungwe ndi inu othandiza ndi ndalama, mukamalemba bajeti ya mabuku ndi njerwa, ikanimo mzere wa anthu otsogolera: ndalama yoyendera kuti atcheya azikumana, masiku angapo a maphunziro kufupi ndi kwawo, ndi mpata woti mkulu wa bungwe apume popanda kuopa kuti akabwera apeza mpando wake wapita. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa chipinda chimodzi. Ndipo inu atcheya, inu oyambitsa mabungwe, amene mukuwerenga izi chikwama chanu chakuda chili pambali, temu ino isanathe itanani anthu anu, buku la ndalama liwerengedwe mokweza, ndipo pamsonkhano womwewo mutchule tsiku la chisankho.